Madamu Anaphunzitsira Pawindo

Teremu yachiwiri ikafika pakati, Madamu ankadziwika ndi fungo. Akatuluka mu labotale n'kulowa m'chipinda cha aphunzitsi, anzake ankagwira mphuno n'kunena kuti, "Ayamba kuphika zawo zija." Unali mutu wa mahaloalikeni, mankhwala a kaboni wogwirana ndi kolorini kapena abale ake, ndipo pa mitu yonse ya kemisitiri ya kalasi yomaliza, umenewu ndi umene ankaukonda koposa. Ankaukonda chifukwa ana ankadzionera okha chinthu chatsopano chikupangika. Umathira zamadzimadzi ziwiri m'galasi, n'kugwedeza, kenako pamwamba pake pamayandama chachitatu chimene m'mawa kunalibe.

Chaka chimenechi teremu inafika pakati iyenso ali ndi pakati.

Kusukulu sanauze aliyense. Anali atapita padera kawiri, ndipo kawiri konseko zinachitika m'nyengo yomweyi, mutu wa mahaloalikeni uli m'kati. Ulendo wachiwiriwo, ali gone m'chipatala, mlamu wake anabwera kudzamuona. Akumukonzera pilo ananena mofatsa, wopanda chipongwe chilichonse, "Koma alamu, zimankhwala mumanunkhiza kuntchito kwanuzi, sizingakhale zimenezi?" Madamu anakana. Anafotokoza ngati ali m'kalasi kuti zinthu ziwiri zikachitikira pamodzi sindiye kuti china chachititsa chinzake. Mlamu anavomera, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mawu aja anamukhalira ngati munga wothyokera m'phazi, wosaoneka koma womveka nthawi zonse ukaponda.

Mwamuna wake anali wokonza mafiriji, ndipo mumsewu wawo wonse, ngakhale Madamu mwini wake, ankawaitana kuti a Mafiriji. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa mapewa otakata, amene akasangalala ankangoimba mluzu. Chiwauzireni za pakati patsopanopa, mluzu unatha. Anayamba kufika kunyumba mochedwerapo, atasamba kale, atavala zoyera, akununkhira sopo wachilendo. Ovolosi yawo yamafuta, imene Madamu ankachapa kumapeto kwa sabata, inasiya kubwera kunyumba. Madamu anaziona zonsezi koma sanafunse. Mkazi aliyense amadziwa zimene anthu amanena za mwamuna wobwera atasamba, ndipo iye analibe mphamvu zosenza mantha awiri nthawi imodzi.

Mutuwo anauyamba ndi mbali yosanunkha. Analowa m'kalasi ndi dongo la mitundu itatu ndi timitengo ta machesi. Gulu lililonse analipatsa timipira tinayi takuda, tisanu ndi tinayi toyera, ndi kamodzi kobiriwira.

"Takudato ndi kaboni, toyerato haidilojeni, kobiriwirako kolorini," anatero. "Kaboni ali ndi manja anayi, enawo dzanja limodzi limodzi. Lumikizani, pasatsale dzanja lopanda mnzake. Mundiuze mupanga zinthu zingati zosiyana."

M'kalasi munadzaza phokoso la ana okangana. Anayamba ndi kundandalika makaboni mumzere, kolorini kumapeto. Kenako anamusunthira pa kaboni wachiwiri. Patapita nthawi gulu lina linatulukira kuti mzerewo ungathe kuchita nthambi, ndipo apa panatuluka ziwiri zina, chimodzi mwa izo chowunjikana ngati chibakera, kolorini atakhala pa kaboni wapakati. Zonse pamodzi zinakwana zinayi.

Monita wa kalasi, mtsikana wamtali wosakonda kugonja, anaimika dzanja. "Ife tapeza chachisanu, Madamu. Kolorini ali pa kaboni wachitatu."

Madamu anachitenga n'kuchitembenuza, kumanja kupita kumanzere, n'kuchiyika pambali pa chachiwiri chija. Zinali zofanana ndendende.

"Mwangochitembenuza," anatero. "Ukagona mutu uli kumiyendo kwa bedi, sindiye kuti wasamuka nyumba."

Kalasi inaseka, monita naye anaseka monyinyirika. Madamu anawauza kuti zinthu zinayizi zimatchedwa maaisoma, kuti zomangira zake ndi zimodzimodzi koma kamangidwe n'kosiyana, ndipo kamangidweko kamasintha khalidwe. Chamzere wowongoka chija chimafuna moto wambiri kuti chiwire, pamene chowunjikana chija sichichedwa kuwira.

"Nanga zenizenizo tipanga liti?" anafunsa monita. "A chaka chatha akuti anapanga."

"Posachedwapa," anatero Madamu, ndipo anazindikira kuti dzanja lake lapita lokha pamimba. Analichotsa msanga n'kutenga choko.

Mu labotale munali kabati yagalasi yogwiriramo ntchito zonunkha, yokhala ndi fani yokokera mpweya woipa kunja. Faniyo inafa kalekale, Madamu asanabwere n'komwe pasukulupo. Zaka zonsezi ankangotsegula mawindo, n'kuweramira pa asidi wofuka nthunzi, maso akuyabwa, iye osadandaula. Tsopano botolo la asidi lija ankalilambalala.

Tsiku lake la sikelo litakwana, anadikira mpaka namwino wachikulire atamaliza kumuyeza, kenako anamufotokozera zonse, za labotale, za kawiri kaja, za mawu a mlamu.

Namwinoyo anavula magolovesi pang'onopang'ono. "Mayi, palibe angakuuzeni kuti ndi zimenezo, palibenso angalumbire kuti si zimenezo. Amayi ambiri amene ndawaona akupita padera sanapondemo mu labotale chibadwire. Nthawi zambiri chifukwa chake sitichidziwa, ngakhale madokotala. Koma mukandifunsa ine, chinthu chonunkha chimene mungathe kuchipewa, chipeweni. Sindikunena chifukwa choti ndikudziwa. Ndikufuna muzigona tulo."

Potuluka pachipatala, Madamu sanakwere basi yakunyumba. Anayenda wapansi mpaka kushopu ya mwamuna wake, kachipinda kakang'ono kuseri kwa malo okwerera mabasi, mmene mafiriji akufa ankaima m'mbali mwa khoma ngati odwala pamzere. Dzuwa linali litapendeka. Chitseko chinali chotsekedwa mwatheka, ndipo kuseri kunkamveka madzi akuthira. Anaima kaye pang'ono, kenako anazungulira.

A Mafiriji anali okha. Anawerama pampopi, malaya atavula, akukwecha mikono ndi bulashi yochapira mpaka khungu kutuwa. Ovolosi inali pawaya ikudontha. Pamsomali panapachikidwa jumbo ya zovala zoyera.

"Mukutani kuno?" anafunsa atadzidzimuka. "Kwachitika chiyani?"

"Palibe. Ndikuchokera ku sikelo, zonse zili bwino. Koma inu, bafa la kunyumba linakulakwirani chiyani?"

A Mafiriji anatseka mpopi. Madzi ankatsika m'zigongono. Kenako analoza ndi mlomo masilinda a gasi amene anali pakona.

"Munandiuza nokha kuti gasi wa mufiriji ndi m'bale wake wa zimene mumaphunzitsa zija."

Zinali zoona. Ali pachibwenzi, Madamu anawerengapo zolembedwa pa silinda ina n'kuwauza monyadira kuti nawonso amagwira mahaloalikeni tsiku ndi tsiku, kuti gasi wawoyo ndi kaboni yemweyo, kungoti m'malo mwa mahaidilojeni ena munalowa fulorini ndi kolorini. Iye anali ataiwala kuti ananenapo zimenezi.

"Tsiku lonse ndimakhala mu gasi ameneyu," anapitiriza a Mafiriji, maso ali pansi. "Ndimabwera naye kunyumba m'zovala. Kawiri konse kaja, ankachapa ovolosi ndani?"

Madamu anakhala pansi pa firiji yogonekedwa. Anafuna kuseka, koma zimene zinatuluka zinali kuseka ndi kulira pamodzi.

"Bambo inu, gasi ameneyo amawira pamalo pozizira kuposa madzi oundana. Akangotuluka m'paipi wauluka. Musanatseke n'komwe chitseko cha shopu, m'zovala mulibemo kanthu. Zimene ndimachapa ine ndi mafuta ndi fumbi."

"Mukunena zoona, kapena mukungonditonthoza mtima?"

"Ndikunena zimene ndimaphunzitsa. Si inu."

A Mafiriji anapuma mozama. Anatenga thaulo n'kuyamba kudzipukuta, kenako anaima n'kumuyang'ana mkazi wawo.

"Mwati si ine. Mwanena ngati mukumudziwa amene ali iye."

Madamu anangoyang'ana zala zake, zimene m'mbali mwa zikhadabo munali mutatsalira dongo lobiriwira. A Mafiriji anabwera n'kukhala pambali pake, firiji n'kulira ndi kulemera kwawo.

"Ndiye zaka zonsezi takhala tikugona bedi limodzi, aliyense atafunda mlandu wake," anatero a Mafiriji.

Anakhala choncho mpaka basi ina inaliza hutala kutsogolo. Ndiye Madamu anati, "Ine ndimayesa mwapeza wokutsukani kumsana."

"Ndi nkhope iyi?" anatero a Mafiriji. "Inu nokha ndi amene munapusitsika."

Pobwerera kunyumba anakambirana za phunziro lija. A Mafiriji ankafuna kuti alisiye, ana awerenge m'buku. Madamu anati ana owerenga m'buku amaloweza mawu n'kuwaiwala akangotuluka m'mayeso, pamene amene anaona ndi maso amakumbukira mpaka kukalamba. Si chilungamo, anatero, kuti kalasi iyi yokha imanidwe chifukwa cha mantha ake. Atatchula za kabati ya fani yakufa, a Mafiriji anaima pakati pa msewu.

"Fani inafa, inu muli ndi mwamuna wodyera kuukitsa mafani, osanena?"

"Sindinaganizepo. Ndinaipeza yakufa, ndinangoizolowera."

Loweruka m'mawa anapita limodzi kusukulu, atapempha chilolezo kwa a hedi. A Mafiriji anakwera padenga n'kutulutsa m'paipi chisa chakale cha mbalame, udzu wodzaza ndowa. Anamasula mota, anasintha kachipangizo kamodzi kopserera, anathira mafuta. Atayatsa, fani inakhosomola kenako inayamba kung'ung'udza. Anaika kapepala pakhomo pa kabati, ndipo kanakokedwera m'kati.

"Bwerani muone," anaitana.

Madamu anali ataima pakhomo la labotale. Anaona kapepalako kakuwerama, ndipo mutu wake unadziwa bwinobwino kuti tsopano chipindachi chili bwino kuposa zaka zonse zimene wagwiramo ntchito. Koma fungo lakale la mabenchi litangomufika m'mphuno, miyendo inakana. Anayesa kudzinyoza, kudzikumbutsa kuti ndi mphunzitsi wa sayansi, koma phazi silinawoloke.

"Ndaona," anatero ali pomwepo. "Mwagwira ntchito."

A Mafiriji anamuyang'ana n'kuyamba kulongedza zipangizo.

Lolemba Madamu anapita kwa mphunzitsi wa fizikisi, bambo wachikulire wotsala pang'ono kupuma pantchito, amene thalauza lake silinkasowa choko ndipo ankakonda kunena kuti kemisitiri ndi kuphika kovala jekete loyera. Ana ndi aphunzitsi omwe ankangowatchula kuti a Fizikisi. Anawapeza akuchonga makope.

"Ndabwera ndi pempho, bambo. Ndili ndi phunziro la mu labotale, koma ine m'thupimu..."

A Fizikisi anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana kanthawi kochepa. "Akazi anga anabereka asanu. Musavutike kufotokoza, ndipo sizichoka pakamwa panga. Koma manja angawa amadziwa mawaya, mwanawe. Botolo lomaliza kuligwedeza linali la mankhwala a chifuwa."

"Inu mukhala manja, ine ndikhala pakamwa."

"Pakamwapo padzakhala pati?"

"Pawindo."

Tsiku la phunziro kunacha bwino, kamphepo kakuchokera kubwalo la mpira kulowera mu labotale. Madamu anasankha windo la mbali imeneyo, moyang'anana ndi kabati, n'kuima panja pakhonde, zigongono atatsamiritsa pafelemu. M'kati ana anaunjikana atavala magalasi oteteza maso. A Fizikisi anavala jekete loyera la Madamu, limene manja ake ankalekezera pakati pa mikono.

Mnyamata wina anafunsa, "Madamu, inu simulowa?" Monita anamugunda ndi chigongono m'nthiti, funso n'kufera pomwepo.

"Lero tipanga chowunjikana chija, cha kolorini pakati," anayamba Madamu. "Tiyambira pa m'bale wake wa mowa, alikoholo wa kamangidwe komweko. Asidi amulanda chimene wagwira m'dzanja limodzi, kolorini n'kulowa m'malo mwake. A Fizikisi, galasi lokhala ngati peyala lija, la kampopi pansi. Onani kuti kampopiko n'kotseka. Thiranimo alikoholo. Tsopano asidi, pang'onopang'ono, manja m'kati mwa kabati."

Asidi anafuka, nthunzi yake n'kupindikira m'mwamba kutsata fani. Madamu anakoka mpweya mosamala. Anangomva fungo la udzu wodulidwa kumene.

"Tsekani pamwamba, gwirani chotsekeracho ndi chala, mugwedeze."

A Fizikisi anagwedeza, poyamba mwamantha, kenako mwamphamvu, ndipo zinayamba kuwakomera. Ana anayamba kuwawerengera. Madamu anaona chala chawo chikukankhidwa ndi chotsekera.

"Zondotsani mutsegule kampopi. Tsopano, bambo, osadikira."

Anazondotsa, anatsegula, ndipo mpweya unatuluka ndi mkokomo ngati wa tayala lobooka. A Fizikisi anatseka maso. Atatsegula anati, "Mukanandiuza kuti kamaluma," ndipo kalasi inagwa ndi phwete.

Anabwereza kangapo, kenako anaimika galasi kuti likhazikike. Apa ndi pamene Madamu ankapakonda. Madzi aja, otuwa ngati mtambo, anayamba kugawikana, mzere woonda n'kuoneka pakati, zapamwamba ndi zapansi. Zaka zonse nthawi imeneyi maso ake ankakhala pagalasi, ana ali kumsana. Lero, ali panja, anaona nkhope zawo. Anaona mtsikana wina wofatsa, amene sanayankhepo funso chaka chonse, akuyendetsa milomo ngati akupemphera. Anaona mnyamata wovuta wa benchi lakumbuyo atakwera pampando kuti aone bwino, pakamwa pali yasa. Anaona ena awiri amene sankaona kanthu n'komwe chifukwa cha kufupika, ndipo anadzifunsa kuti ndi angati otere amene anadutsa m'manja mwake iye akuyesa kuti onse aona.

"Aatali inu, pitani kumbuyo, afupi abwere kutsogolo," anatero. Atasinthana anafunsa, "Tisunge ziti, zapamwamba kapena zapansi?"

Panali kung'ung'udza. Mtsikana wofatsa uja ananena chapansipansi, "Zapamwamba."

"Chifukwa?"

"Asidi ndi wolemera. Chatsopanocho sichisakanikirana ndi madzi, ndiye chayandama."

Madamu anagwedeza mutu. Sanafune kumuyamikira mokweza, poopa kumuthawitsa.

Ntchito inapitirira. A Fizikisi anakhetsa zapansi, anatsuka zotsalazo ndi madzi a soda amene anachita thovu, ndipo ulendo uno anatsegula kampopi asanauzidwe n'kuyang'ana kuwindo monyada. Anathiramo timibulu toyera toyamwa madzi mpaka zamtambo zija zinayera ngati madzi akumwa. Pomaliza anazitenthetsa m'madzi ofunda, nthunzi n'kudutsa m'paipi yozizira. Monita anaima pafupi kuwerenga choyezera kutentha.

"Chaima, Madamu. Changopitirira pang'ono madigiri makumi asanu."

"Chikanakhala chamzere wowongoka chija?"

"Chikanakwerabe."

"Ndiye mwadziwa chimene mwapanga, popanda wokuuzani."

Madontho anayamba kugwera m'kabotolo, limodzi limodzi. Atatha, a Fizikisi anatseka kabotoloko mwamphamvu, anakapukuta, anabwera nako pawindo n'kukakweza padzuwa, patali ndithu ndi nkhope ya Madamu. Munali timadzi tosakwana supuni ziwiri.

"Thukuta lonse lija, malipiro ake ndi amenewa?" anafunsa. Koma sanafulumire kukatsitsa. Anakapendeketsa uku ndi uku, akuyang'ana mmene timadzito tinkayendera.

Belu litalira, monita anatuluka n'kudzatenga mabuku a Madamu pafelemu ya windo, chinthu chimene sanachitepo. Anayenda limodzi pakhonde.

"Sindinakupemphe kundinyamulira," anatero Madamu.

"Atsikana tonse tikudziwa, Madamu," anatero monita, maso ali kutsogolo. "Choko chikagwa munasiya kutola. Anyamata okha ndi amene sakudziwa, ndipo sitiwauza."

Madamu anafuna kumudzudzula, koma anapeza kuti m'chifuwa mwapepuka. Anangoti, "Ukaike patebulo langa."

Mwezi umene ankauopa, umene anapitira padera kawiri kaja, unafika n'kudutsa. Wotsatira unadutsanso. Madamu sanakhulupirire msanga. Ankayenda ngati munthu wosenza ndowa yodzaza, ndipo zovala zamwana anakana kugula mpaka mimba itafika poti ngakhale anyamata a benchi lakumbuyo anayamba kumupatsa njira. Anachira ana a m'kalasi mwake ali m'kati mwa mayeso. Anali mwana wamkazi, wochepa thupi koma wa mawu aakulu.

Ali gone m'wodi, mwana ali pachifuwa, anaganiza za windo lija. Kodi linathandiza? Kodi akanalowa mu labotale, mwanayu akanakhalapo? Sakanadziwa. Kuti udziwe chinthu umayenera kuchiyesa kawiri, kwina utasintha kwina osasintha, ndipo moyo supereka mpata umenewo. Anadabwa kuona kuti kusadziwako sikukumuwawanso ngati kale.

A Mafiriji analowa nthawi yoona odwala itakwana, n'kuima kumiyendo kwa bedi, manja ali kumbuyo. Namwino anamutenga mwana n'kuwalunjika.

"Landirani, bambo."

"Ayi, ndimuonera pompano. Ndingamugwetse."

"Munthu uyu amakweza firiji pangolo yekha," Madamu anauza namwino.

"Firiji ili ndi pogwira," anatero a Mafiriji.

Namwino anakoka mpando ndi phazi, anawakhazika, anawapinda mkono ngati akuphunzitsa mwana wasukulu, n'kumugoneka mwanayo pamenepo. A Mafiriji anauma thupi lonse, osayerekeza ngakhale kupuma mokweza. Mwana anatsegula diso limodzi, anayasamula, n'kugonanso.

"Ndikhale chonchi mpaka liti?" anafunsa monong'ona.

"Mpaka adzuke," anatero Madamu, ndipo anatembenukira kukhoma kuti naye agoneko pang'ono.